Zala Zanga Sizinadulidwe ndi Nkhwangwa

Kwa iwe Yakobe, mwana wanga woyamba,

Ndikulemba lero Lamulungu, titabwera ku mapemphero, iwe utapita kukatsazika anzako a ku fakitale ya tiyi. Amayi ako asokerera kalatayi m'mphepete mwa bulangeti lako, ndipo akunong'oneza kuti uitulutse sitima ikachoka pa Khonjeni, pamene a Makwinja, otsogolera ulendo wanu aja, sakukuona. Ngati wawamvera, ndiye kuti ukuwerenga uli wekha. Werenga mpaka kumapeto, usathamange.

Dzulo pabwalo sindinayankhule zambiri, ndipo ndinaona kuti unadabwa. Ine pamudzi pano ndine mkamwini. Mwini wako ndi atsibweni ako, ndipo iwo anali atavomera kale kuti upite ku Joni ndi a Makwinja. Sindikuwadzudzula ayi. Nawonso atopa kukuona ukusenza dengu la tiyi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kapitawo akukukalipira ngati mwana, thangata wa bwana osatha. Kupitako pita, sindikukuletsa. Koma a Makwinjawo sindikuwakhulupirira, ndipo ndikuuza chifukwa chake.

Unandimva ndikuwafunsa za anyamata a ku Goliati amene anawatenga chaka chatha. Ndinati, "Nanga aja ali kuti? Makolo awo sanalandirepo kalata ngakhale imodzi." Iwo anaseka, n'kuvula chipewa chawo chija, n'kuyamba kusasa fumbi pomwe panalibe fumbi. "Ali bwino, achimwene. Kumeneko ntchito ndi yambiri, munthu sapeza nthawi yogwira pensulo." Ndinangoti chabwino. Kenaka ndinafunsa za njira. Anati mukakwera sitima ya pamadzi ku Beira, mukatsika ku Natala, ndipo chifukwa mulibe ziphaso mukadutsa mapiri pansi, kumene kulibe apolisi, masiku awiri okha. Ndinati, "Kuno tayamba kale kudulira tiyi. Mukafikatu m'mwezi wa Juni. Nanga kuzizira?" Ukukumbukira zimene anayankha? "Aa, kuzizira kwake ndi chiperoni chomwechi cha kuno. Munthu wa ku Thyolo n'kuopa nkhungu?" Bwalo lonse linaseka. Iwenso unaseka.

Ine sindinaseke. Munthu wonena choncho, mwina sanapondemo m'mapiri amenewo nyengo yachisanu, mwina anapondamo ndipo akunama. Zonse ziwiri zikhoza kukupha. Ndikudziwa chifukwa ine ndinapondamo.

Iwe ndi alongo ako ndinakuuzani kuti zala zitatu za phazi langa lakumanzere zinadulidwa ndi nkhwangwa pamene tinkagwetsa nkhalango kuti azungu abzale tiyi. Linali bodza. Zala zimenezo zinatsala ku Natala. Ndinapitako iwe usanabadwe, ndili wamsinkhu wako womwewu, pamodzi ndi achimwene anga a Nahipa, amene unangomva dzina lawo. Iwo sankafuna ulendowo. Anali atangokwatira kumene, ndipo ankati, "Simoni, tiyeni tilime chinangwa chathu, ku Joni kuli eni ake." Ndine ndinawakakamiza, tsiku ndi tsiku, mpaka anatopa nane n'kuvomera. Zimenezi uzidziwe usanamve zinazo.

Ndinalakwa pa doko la ku Natala, tsiku lomwe tinatsika sitima. Tinali titakhala pa mulu wa matumba, osadziwa kolowera, anthu akutidutsa akuyankhula zinenero zosamveka. Kenaka munthu wina anaima patsogolo pathu n'kutilonjera m'Chilomwe, Chilomwe chenicheni cha kwathu, chonga cha agogo ako. Yakobe, ndinatsala pang'ono kulira. Kuno anthu amatiseka kuti ndife Anguru, ndiye kukamva chinenero chako kutsidya kwa nyanja, umaona ngati wakumana ndi mbale wa bere limodzi. Anati dzina lake ndi Sailesi. Anati kwawo ndi kufupi ndi kwathu, koma a Nahipa atamufunsa dzina la mfumu ya mudzi wake, anatsokomola n'kuyamba nkhani ina. A Nahipa ananditsina. Ine ndinawayang'ana ndi diso loipa. Ndinati munthu watikomera mtima, inu mukumufunsa ngati wakuba? Mwana wanga, chinenero si ubale. Munthu wofuna kukudyera amayamba waphunzira moni wa kwanu. Ukafunsa funso laling'ono n'kuona kuti munthu akulizemba, usachite manyazi kulibwereza.

Sailesi anatiuza zomwezi zimene ananena a Makwinja dzulo, mawu ake omwewo ngati anaphunzira sukulu imodzi. Njira ya m'mapiri, yopanda apolisi, masiku awiri. Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka kumene anatiuza kuti titsike, ndipo tinayenda pansi masiku angapo, mapiri akukulirakulira patsogolo pathu. Iwe umati Mulanje ndi phiri lalikulu chifukwa umaliona uli m'munda wa tiyi. Amenewo ndi Mulanje woyalidwa kuchokera kumene maso ako ayambira mpaka kumene alekezera, wopanda mitengo, udzu wokhawokha ndi miyala.

Ndinalakwanso patsinde pa mapiriwo, ndipo uku ndiye kulakwa kumene kumandiwawa kwambiri. Pamenepo panali nyumba ya miyala ndi khola la nkhosa. Mwini wake anali mbusa wokalamba, Msutu, wofunda bulangeti lochindikala, ali ndi mkazi wake. Atationa tikulunjika kumtunda, anatuluka n'kuima pakati pa njira. Analoza kumwamba, analoza mapazi athu, n'kuloza nyumba yake, uku akuyankhula mokweza. Kumwambako kunali mitambo yotsika, yotuwa ngati phulusa, ndipo mphepo inali italeka zii. Nkhosa zake zonse anali atazitsekera m'khola dzuwa lili pamutu. Ife chinenero chake sitinkachimva. Wochimva anali Sailesi yekha. A Nahipa anafunsa, "Akuti chiyani mkuluyu?" Sailesi anati, "Akuti mugone pano. Koma ndikumudziwa ameneyu. Amagoneka alendo, kenaka n'kutuma uthenga kwa apolisi. Tiyeni msanga." A Nahipa anati, "Nanga nkhosazi wazitsekeranji masana?" Ine ndinati, "Achimwene, mukufuna tikagone m'ndende?" Ndinamukankha mkuluyo ndi phewa n'kudutsa.

Ukuona, Yakobe? Kukayikira ndinali nako, koma ndinakayikira munthu wolakwika. Ndinakayikira amene sankafuna kanthu kwa ine, n'kukhulupirira amene anali ndi chifukwa chotifulumizitsa. Usalole kuti munthu mmodzi akhale khutu lako ndi pakamwa pako m'dziko la eni. Ukangotsika sitima, phunzira wekha mawu ochepa a kumeneko: njira, moto, kuzizira, thandizeni. Ndipo yang'ana zimene eni dziko akuchita ndi ziweto zawo. Pakamwa pakhoza kunama, koma palibe mbusa amene amatsekera nkhosa masana pofuna kupusitsa mlendo.

Chinthucho chinayamba titakwera kwambiri, nyumba ya mbusa ija itasanduka kadontho kumunsi. Azungu amati sinowo. Aphunzitsi a ku mishoni ankatiuza kuti ndi matalala, koma si matalala ayi. Matalala amabwera ndi bingu, amakumenya, umathawa. Ichi chimabwera mwakachetechete. Tinthu toyera, topepuka ngati thonje, tikutsika pang'onopang'ono, ukatigwira n'kusungunuka m'dzanja. Tinaseka. Ndikunena zoona, tinaseka ngati ana. A Nahipa anatulutsa lilime kuti alawe, n'kunena kuti, "Ufa uwu ukanagwa kwathu, njala ikanatha." Sailesi yekha ndiye sanaseke. Anayang'ana kumbuyo, anayang'ana kutsogolo, n'kuwonjezera liwiro. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti iye akuchidziwa chinthuchi, ndipo anachidziwa kuyambira kumunsi kuja.

Ndinalakwa posabwerera nthawi yomweyo. Njira yotsika inali ikuonekabe, ndipo a Nahipa ananena kawiri kuti tibwerere. Ine ndinati takwera kale mtunda wonsewu, tiutaye? Posakhalitsa mphepo inadzuka. Chiperoni chimakunyowetsa, chimakubisira phiri, koma pansi umapaona, umadziwa kuti apa ndi njira, apa ndi udzu. Uku pansi ndi kumwamba zinasanduka chinthu chimodzi choyera. Njira inafafanizika. Mapazi athu omwe, ukacheuka, anali atakwiririka kale. Ukaponda poti ndi pamwala, umalowa mpaka m'mawondo. Tinali ndi nsapato za matayala, zala zili pamtunda. Poyamba mapazi anawawa ngati taponda makala. Kenaka analeka kuwawa, ine n'kumati zayamba kukhala bwino. Usadzanyengedwe ndi zimenezo. Phazi likaleka kuwawa m'chisanu, ndiye kuti layamba kufa.

Tinafika pa thanthwe lina lotsamira, lokhala ngati khonde. Sailesi anati, "Khalani apa. Chapafupi pompa pali kanyumba ka abusa. Ndikakapeza ndidzakutengani." Kenaka anati timupatse mtolo wathu, kuti akatiyalire ndi kukoleza moto, ife tidzayende opepuka. M'mtolomo munali mabulangeti athu awiri, machesi, ndi kamba yense. A Nahipa anaugwira mtolowo osafuna kuusiya. Ine ndinawalanda n'kuupereka. Ndinaupereka ndi manja angawa. Sailesi anaponda kasanu kapena kasanu n'kamodzi, kuyera kuja n'kumumeza. Sitinamuonenso.

Mpaka lero sindidziwa ngati anatithawa kapena anagwera kuphompho akufunadi kanyumbako. Patapita nthawi, wina anandiuza kuti chisanu chitasungunuka abusa anapeza mafupa a munthu m'chigwa. Wina anandiuza kuti anamuona pa doko pomwe paja, akulonjera anyamata ena m'Chilomwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuweruza, lero n'kumupeza wolakwa, mawa n'kumukhululukira. Koma kaya anali wakuba kaya ayi, bulangeti langa silinayenera kuchoka pathupi langa. Ukumva, Yakobe? Bulangeti, machesi ndi mapepala ako a msonkho, zimenezi sunyamulitsa munthu, ngakhale a Makwinja, ngakhale mnzako wa pamtima, ngakhale atanena kuti angokusungira pang'ono.

Tsopano ndikuuza chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. Kutada, tinakumbatirana pansi pa thanthwe lija. A Nahipa ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Kenaka analeka kunjenjemera. Anayamba kuyankhula mokoka mawu ngati munthu woledzera, kuitana mkazi wawo, kufunsa ngati mbuzi zalowa. Kenaka anati, "Simoni, kwatentha bwanji," n'kuvula jekete lawo, n'kuliponya pambali. Ndinawaveka. Anavulanso. Anati, "Ndisiye ndigone pang'ono, undidzutse kukacha." Ine ndinaganiza kuti tulo tiwapatsa mphamvu. Ndinawasiya. Ndipo jekete lija, mwana wanga, ndinalitola n'kulivala pamwamba pa langa. Ndinadziuza kuti ndingowasungira. Usiku wonse ndinkaponda pansi, kumenyetsa manja m'nthiti, kuimba nyimbo za ku tchalitchi zonse zimene ndinkazidziwa. Kutacha ndinawagwedeza. Anali atauma ngati chipika.

Sindikudziwa ngati jeketelo likanawapulumutsa. Adokotala a ku chipatala cha mishoni cha kumeneko anandiuza pambuyo pake kuti munthu akafika pomva kutentha m'chisanu, imfa imakhala ili pakhomo. Mwina ananena zoona, mwina ankangonditonthoza. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinayenera kuwalola kugona. Mnzako akayamba kusinza m'chisanu, mumenye mbama, mutukwane, muimiritse, muyendetse, adzakukwiyire mawa ali moyo. Akanena kuti watenthedwa, usamumvere. Ndipo wina akakupatsa kachasu kuti akutenthetse, kana. Amatenthetsa pakhosi pokha, kenaka amabweretsa tulo tomwe tija.

Amene anandipeza anali mbusa wokalamba yemwe ndinamukankha uja. Mphepo itaduka m'mawa, anakwera ndi hatchi yake ndi galu, kutsata anthu atatu osawadziwa amene anamunyoza pakhomo pake. Galuyo ndi amene anatinunkhiza. Mkuluyo anatsika pa hatchi. Anayang'ana a Nahipa, anavula chipewa, kenaka anandikweza pa hatchi ngati thumba la chimanga. Apolisi sanabwere, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Ndinakhala m'nyumba mwake kufikira njira itatseguka, akundimwetsa mkaka wa nkhosa ndi phala la mapira.

Ngakhale m'nyumba imeneyo ndinalakwitsa. Atangonditsitsa, ndinakwawira ku moto n'kuika mapazi pafupi ndi makala. Sindinkamva kanthu. Mayi wokalamba uja atalowa anakuwa, n'kundikoka ndi kolala, n'kundimenya ndi chikho pamutu. Anatenga mapazi anga n'kuwaika pamimba pake, m'kati mwa bulangeti, ngati akufungatira khanda. Phazi lakumanja linabwerera, ndi ululu woti ndinalira ngati mwana. Lakumanzere linali litapsa kale. Zala zitatu zinada bii, zinayamba kununkha, ndipo ku chipatala cha mishoni anazidula. Choncho chiwalo chikauma ndi chisanu, usachiotche pamoto ndipo usachitikite mwamphamvu. Chifunditse pathupi la munthu, m'khwapa kapena pamimba, kapena m'madzi ofunda pang'ono, ndipo upirire kuwawa kwake.

A Nahipa tinawaika m'phiri momwemo. Nthaka inali yolimba, khasu silikanalowa. Mphepo itatheratu, mbusa uja anandikwezanso kumtunda pa hatchi, ndipo iye ndi ine, ine ndili chokhala, tinawaunjikira miyala pansi pa thanthwe lija. Panalibe mbusa wa mpingo, panalibe nyimbo, panalibe mbale wina koma ine. Ku Joni sindinafikeko n'komwe. Ndinagwira ntchito ya m'khitchini ku mishoni kuja kufikira phazi litapola, kenaka ndinabwerera kuno ndikutsimphina.

Tsono tamvera zimene ndikufuna uchite. Sindikuti a Makwinja ndi Sailesi wina. Mwina ndi munthu wabwino wokonda kudzitama chabe. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo suti imene anavala dzulo ija sinandiuze kumene kuli ana a ku Goliati. Uziwayang'anitsitsa. M'sitima uwafunse, anzako akumva, dzina la mudzi womaliza musanakwere mapiri, ndi dzina la munthu amene mukagone kwake. Mawa lake uwafunsenso. Mayankho akasiyana, wadziwa. Ona ngati iwo anyamula nsapato zotseka ndi jasi lochindikala pamene inu akukuuzani kuti n'chiperoni chabe. Akakupempha kuti akusungire mapepala, kana mwaulemu, koma kana. Ndipo mukafika ku Natala m'mwezi wa Juni kapena Julayi, usakwere mapiri. Ndabwereza, usakwere. Pa doko pali ntchito yonyamula katundu, m'minda ya nzimbe muli ntchito. Gwira iliyonse, udikire mpaka kutenthe. A Makwinja akakuseka kuti ndiwe wamantha, aseke. Akakusiya, akusiye. Akakuopseza ndi apolisi, dziwa kuti m'chitokosi muli denga ndi bulangeti, ndipo anthu amatulukamo n'kubwerera kwawo. Anzako anayi amene ukupita nawo aja uwauze zimenezi. Ngati akana kumva, usawatsate chifukwa cha manyazi. Ine manyazi ndi amene anandidutsitsa pakhomo la mbusa uja.

Kulakwa kwanga kotsiriza ndakhala nako mpaka lero. Nditafika kwathu ku Mphuka, agogo ako anandithamangira, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga kufuna mwana wawo wamkulu. Ndinalephera kuwauza zoona. Ndinawauza kuti a Nahipa anadwala malungo, anamwalira m'chipatala ali pabedi, atafunda bwino, ndipo anaikidwa m'manda a Akhristu ndi nyimbo. Mkazi wawo ndinamuuza zomwezo. Bodza limodzi linabala linzake, la nkhwangwa lija. Ndinkati ndikuwatonthoza, koma ndinkadzibisa ndekha. Taona tsono zimene labala. Ndikananena zoona kalekale, mudzi wonse ukanadziwa kuti m'mapiri amenewo mumagwa chiyani. Makolo a ku Goliati akanamva. Dzulo a Makwinja atanena za chiperoni, atsibweni ako akanawadula pakamwa, ndipo palibe akanaseka.

Mawa ndikuperekeza mpaka pa siteshoni. Ndapempha kale kwa kapitawo, wandilola tsiku limodzi. Sitima ikanyamuka sindibwerera kunyumba. Ndipita ku Mphuka kwa agogo ako. Akalamba, maso achita khungu, koma mutu uli bwinobwino, ndipo chaka chilichonse amandifunsa ngati pamanda a mwana wawo pali mtengo wamthunzi. Ndikakhala pansi n'kuwauza kumene ali, ndi amene anawatengera kumeneko, ndi za jekete. Kaya akanditemberera kaya akangokhala chete, ndikalandira.

Ndikudziwa kuti ndikamaliza akandifunsa za iwe, ndipo sindikawanamizanso. Ndikawauza kuti mdzukulu wawo wapita njira yomweyo, nyengo yomweyo, ndi munthu amene sindikumukhulupirira. Akhala ndi mawu amenewo mumtima kufikira tsiku limene ndidzawabweretsere ena. Ndiye ukangotsika pa doko, usanafune ntchito, usanafune pogona, funa pensulo. Ulembe ndi dzanja lako, kuti ndidzadziwe kuti ndiwe, ndipo kalatayo ukaponye wekha. Mizere iwiri ikwanira: kuti wafika, ndi kuti mapiri ukuwaonera patali. Ndidzapita nayo ku Mphuka tsiku lomwelo, ngakhale kapitawo akane.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Amayi ako akuti usavule bulangeti.

Ndine bambo ako,
Simoni